Monita siidafe, yangosemphana Chichewa ndi kompyuta

Mwezi uliwonse, tsiku la Lachiwiri likabwera kachiwiri, kampani ya Microsoft imatulutsa zigamba zokonzera pulogalamu yake ya Windows, zomwe ogwiritsa ntchito makompyuta amangozitchula kuti update. Imatero nthawi ikamakwana 10 koloko m'mawa ku likulu lake ku Redmond m'dziko la America. Ku Mulunguzi, mumzinda wa Zomba, nthawi imeneyo imakhala 7 kapena 8 koloko usiku malinga ndi nyengo ya chaka, maofesi atatsekedwa kalekale ndipo mphepo yozizira itayamba kutsika m'phiri. Laputopu yomwe yasiyidwa pa intaneti imakoka zigambazo mwakachetechete mwini wake akudya nsima. Zotsatira zake zimaoneka Lachitatu m'mawa, kapena m'masiku ochepa otsatira.

Nthawi zambiri sipakhala chodandaulitsa. Koma limafika tsiku lomwe munthu amayatsa laputopu, n'kusomeka chingwe cha monita yaikulu yomwe wakhala akugwirira ntchito chaka chonse, monitayo n'kungoti bii, kapena n'kulemba mawu awiri okha oti No Signal. Dzulo lake zonse zimayenda. Palibe yemwe wagwetsa kanthu, palibe chomwe chapsa, ngakhale fungo la waya silikumveka.

Vutoli limaoneka laling'ono kwa yemwe sadakumane nalo. Koma kwa wowerengera ndalama yemwe amayala mizere ya manambala pa masikirini awiri, ntchito ya tsiku limodzi imatenga masiku awiri. Kwa mphunzitsi yemwe waima kutsogolo kwa holo yodzaza ndi ophunzira, pulojekita itakana kuonetsa zomwe adachezera kukonza, theka la phunziro limathera pa kuzula ndi kusomeka zingwe. Palinso gulu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri: ophunzira okhala m'nyumba za lendi ku Chikanda ndi madera ena oyandikana ndi sukulu yaukachenjede, omwe sikirini ya laputopu yawo idasweka kalekale ndipo amadalira monita yakale kapena wailesi yakanema kuti aone zomwe akulemba. Kwa iwowa monita ikada ndiye kuti kompyuta yonse yada, pamodzi ndi kafukufuku yemwe aphunzitsi akumudikirira Lachisanu.

Zomba idasiya kukhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo nayo idadzasamukira ku Lilongwe pambuyo pake, koma mzindawu udakali wa anthu ogwira ntchito pa desiki. Ndi momwe muli likulu la National Statistical Office, yomwe m'chaka cha 2018 idachita kalembera wa anthu pogwiritsa ntchito matabuleti. Muli bungwe loyendetsa mayeso la Maneb, nyumba yosungira zolembedwa zakale ya National Archives, nthambi yofufuza za miyala ya Geological Survey, komanso University of Malawi, yomwe ambiri adakaitchulabe kuti Chanco. Mapu, ziwerengero, zotsatira za mayeso ndi zikalata zakale ndi ntchito zofuna sikirini yotakata. Ambiri mwa ozigwira amaweruka nazo kupita kunyumba ku Mulunguzi, Matawale kapena Chinamwali, komwe monita ina imawadikirira pakona ya balaza.

Monita yomwe yada pambuyo pa update nthawi zambiri siikhala itafa. Imakhala kuti yangosemphana Chichewa ndi kompyuta. Koma m'dziko momwe dola ikusowa, ndipo kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kulakwitsa popima matendawa kumadula kuposa matenda enieniwo. Ena amathamangira kugula monita ina pomwe yakaleyo ilibe vuto. Ena amalumbira kuti kompyuta yawo siidzalandiranso update mpaka kalekale. Njira zonse ziwirizi zili ndi mtengo wake, ndipo yachiwiriyo ndiyo yoopsa kwambiri.

Malonje a m'kati mwa chingwe

Laputopu ndi monita zikalumikizidwa zimayamba ndi malonje. Monita imadzifotokoza: dzina lake, kampani yomwe idaipanga, kuchuluka kwa timadontho ta chithunzi tomwe ingathe kuonetsa, ndi liwiro lomwe ingathe kusinthira zithunzizo pa sekondi. Uthenga umenewu umatchedwa EDID, ndipo ndondomeko yake idakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA m'chaka cha 1994. Kumbali ya kompyuta, wolandira malonjewo ndi kapulogalamu kotchedwa driver, komwe kamakhala ngati womasulira pakati pa Windows ndi kachipangizo kojambula zithunzi ka Intel, AMD kapena Nvidia. Womasulirayu akasinthidwa usiku, m'mawa mwake malonje amatha kusokonekera.

Zimasokonekera m'njira zingapo. Makampani opanga malaputopu, monga HP, Dell ndi Lenovo, amakonda kusintha driver ya Intel kapena AMD kuti igwirizane ndi mabowo ndi mawaya a m'kati mwa makina awo. Update ikhoza kuchotsa driver yosokedwa molingana ndi thupi imeneyo n'kuikapo ya aliyense. Nthawi zina driver yatsopano imakanika kukhazikika, Windows n'kubwerera ku ina yongogwirizira yotchedwa Microsoft Basic Display Adapter, yomwe imaonetsa zithunzi pa sikirini ya laputopu koma kawirikawiri siitha kutumikira monita yachiwiri. Nthawi zinanso palibe chomwe chachotsedwa: kompyuta yangoiwala momwe idatcheredwera, kapena ikutumiza zithunzi pa liwiro lomwe monita yakale singakwanitse, ndipo monitayo imayankha ndi mawu oti Out of Range.

Pa zonsezi, chomwe chimavutitsa kwambiri m'maofesi a m'Malawi ndi kachipangizo kapakati. Chingwe cha VGA, chija cha mutu wabuluu ndi mapini 15, chidabwera ndi makompyuta a IBM m'chaka cha 1987. Mu Disembala 2010 makampani a Intel ndi AMD adalengeza kuti pofika 2015 adzakhala atasiya kuchithandiza. Komatu mamonita ndi mapulojekita a VGA sadamve nawo chilengezocho; ngolimba, ndipo adakagwirabe ntchito m'makalasi, m'matchalitchi ndi m'zipinda zochitira misonkhano. Laputopu yatsopano yopanda bowo la VGA imafuna adaputa kuti ilankhule nawo. Popeza HDMI ndi VGA zimatumiza zithunzi m'njira zosiyana kotheratu, adaputayo siingokhala waya chabe. M'kati mwake muli kachipangizo komasulira. Adaputa yotchipa, yopanda dzina la woipanga, imatha kupereka malonje a monita mopunduka. Driver yakale inkangolekerera, yatsopano n'kukana. Apa mwini wake amaloza chala update, wogulitsa adaputa amaloza monita, pomwe mlandu uli pa onse atatu.

Mabowo a USB-C nawo awonjezera chisokonezo. Onse amaoneka ofanana, koma si onse omwe amatulutsa zithunzi. Ndipo timabokosi tina tolumikizira mamonita angapo pa bowo limodzi timadalira driver yakeyake, monga ya DisplayLink, yomwe nayo imayenera kuyendera limodzi ndi kusintha kwa Windows.

Si vuto la osauka okha. Mu Malichi 2018, kampani ya Apple itatulutsa macOS 10.13.4, mamonita odalira DisplayLink adasiya kugwira bwino ntchito pa makompyuta a Mac m'maiko ambiri, ndipo eni ake adadikira mpaka macOS Mojave itatuluka mu Seputembala chaka chomwecho. Mu Malichi 2024, macOS Sonoma 14.4 idachititsa kuti mabowo a USB a pa mamonita ena asiye kuzindikirika, kotero kuti kiyibodi ndi mausi zolumikizidwa kumeneko zidangoti zii. Kampaniyo idatulutsa chigamba china, 14.4.1, mwezi womwewo usadathe. Microsoft nayo idaimitsa update yake yaikulu ya Okutobala 2018 patangopita masiku ochepa chiitulutsireni, anthu ena atadandaula kuti yawafufutira mafayilo. Makampani olemera chotere amalakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti wogwira ntchito ku London amaimbira foni wopanga laputopu n'kulandira thandizo chifukwa chitsimikizo cha katundu wake chidakalipo, pomwe wa ku Zomba adagula laputopu ya kaunjika yomwe chitsimikizo chake chidatha isadakwere n'komwe sitima.

Kuyamba ndi zosalira ndalama

Kupima vutoli kuli ndi dongosolo lake, ndipo dongosololo limayamba ndi zomwe zimaoneka ngati zachibwana. Monita ikulandira magetsi? Yatcheredwa kuti ilandire zithunzi kuchokera ku bowo lomwe chingwe chalowa? Monita yokhala ndi mabowo a HDMI ndi VGA imatha kutembenukira ku bowo lopanda kanthu magetsi akathima n'kuyakanso, zomwe sizachilendo m'dziko muno. M'nyengo ya mvula, kunsi kwa phiri la Zomba komwe chinyezi chimalowa mpaka m'makabati, mapini a chingwe amathanso kuchita dzimbiri.

Kenako pamabwera kuyesa komwe kumagamula mlandu: kutenga monitayo n'kuilumikiza ku laputopu ya mnzake, kenako kutenga laputopu yovutayo n'kuilumikiza ku monita ina kapena ku wailesi yakanema, makamaka pogwiritsa ntchito chingwe china komanso popanda adaputa. Mphindi zisanu zimenezi zimapulumutsa ndalama zambiri. Monita ikayaka pa laputopu ina, nkhani yogula yatsopano yatha pomwepo.

Vuto likapezeka kuti lili mu kompyuta, kudina pamodzi batani la Windows ndi P kumaonetsa njira zinayi zogawira zithunzi, ndipo zimachitika kuti update yabwezera kompyuta pa njira yoyamba, yoonetsa pa sikirini ya laputopu yokha. Kusankha Duplicate kapena Extend kumathetsa vutolo. Wophunzira wa sikirini yosweka uja akhoza kuyesa zimenezi mosaona: akalemba nambala yake yachinsinsi mongopapasa, adine Windows ndi P, kenako batani la muvi woloza pansi, n'kumaliza ndi Enter, ndipo abwereze mpaka chithunzi chitulukire pa monita. Kudina pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B kumadzutsa driver ya zithunzi. Kompyuta imalira kamodzi, sikirini n'kuphethira. Pali chinanso chomwe ambiri sadziwa: pa Windows 10 ndi 11, kuthimitsa kompyuta ndi Shut down nthawi zambiri sikuithimitsa kotheratu, chifukwa imasunga zina kuti idzayake msanga. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano, ndipo update yambiri imamalizika pokhapokha munthu akatero.

Zimenezi zikakanika, malo oyang'ana ndi Device Manager, pansi pa Display adapters. Pakalembedwa Microsoft Basic Display Adapter m'malo mwa dzina la Intel, AMD kapena Nvidia, ndiye kuti womasulira weniweni wachotsedwa, ndipo yankho lake n'kukoka driver pa tsamba la kampani yomwe idapanga laputopuyo, molingana ndi nambala ya mtundu wake yolembedwa kunsi kwa makinawo. Dzina loyenera likakhalapo, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa driver yomwe inalipo kale. Chigamba cha mwezi umenewo chikhozanso kuchotsedwa kudzera pa Update history. Ndipo ngati kusinthako kudali kwakukulu, monga kuchoka pa Windows 10 kupita pa 11, pali njira yobwerera m'mbuyo yotchedwa Go back, koma imakhala yotsekula kwa masiku 10 okha.

Masiku 10 amenewa ndi omwe amatayika kawirikawiri. Munthu amapirira sabata yonse akuganiza kuti zidzikonza zokha, sabata yachiwiri n'kupita nayo laputopu kwa okonza. Okonza makompyuta a m'tauni ngofunika, ndipo ambiri mwa iwo adadziphunzitsa okha luso lomwe palibe sukulu idawapatsa. Koma pali chizolowezi chimodzi choyenera kuchidzudzula: kuthamangira kufomata. Kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano kumachotsadi vutolo, monga momwe kugwetsa nyumba kumachotsera chiswe, koma kumatenga mafayilo osasungidwa kwina, mapulogalamu olipira, ndi tsiku lathunthu. Choipitsitsa n'chakuti kompyutayo ikangobwerera pa intaneti imakoka update yomwe ija, monita n'kudanso. Enanso pofuna kupeza malo mu kompyuta amafufuta foda ya Windows.old, osadziwa kuti ndi momwe muli njira yobwererera.

Tsiku la 14 Okutobala ndi katundu wa kaunjika

Nkhaniyi ikadangokhala ya mabatani chikadapanda tsiku la 14 Okutobala 2025, pomwe Microsoft idasiya kupereka zigamba zaulere za Windows 10, pulogalamu yomwe idatuluka mu Julayi 2015. Kampaniyo ikufuna anthu asamukire ku Windows 11, yomwe idatuluka mu Okutobala 2021. Koma Windows 11 ili ndi mpanda: imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso injini ya kompyuta ya m'badwo wachisanu ndi chitatu wa Intel kapena woposerapo, womwe udayamba kutuluka m'chaka cha 2017, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo kumbali ya AMD.

Malaputopu olimba omwe amakondedwa pa msika wa kaunjika, monga HP EliteBook 840 G3, Dell Latitude E7470 ndi Lenovo ThinkPad T460, ndi a m'badwo wachisanu ndi chimodzi. Amagwira bwino ntchito, koma ali kunja kwa mpandawo. Intel nayo idalengeza mu Julayi 2022 kuti ma driver a zithunzi a mibadwo yachisanu ndi chimodzi mpaka yachikhumi alowa m'gulu la zakale, zomwe ziziyang'aniridwa pokhapokha pakapezeka vuto lalikulu kapena lachitetezo. Tanthauzo lake n'lakuti Windows ikupitirira kusintha pomwe womasulira wa makina amenewa waima malo amodzi.

Okonza makompyuta amadziwa njira zodumphira mpandawo n'kuika Windows 11 pa makina osavomerezeka, ndipo zimayendadi. Koma Microsoft idanena poyera kuti makina otere alibe chitsimikizo cholandira zigamba, ndipo vuto lililonse lomwe lingadze n'la mwini wake. Ogula ambiri sauzidwa zimenezi. Amaona Windows 11 pa sikirini m'sitolo n'kuganiza kuti apeza makina amakono. Update yaikulu ikabwera, kapena ikakana kubwera, mpamene amazindikira kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003 limapatsa wogula ufulu wouzidwa zoona za katundu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula. Koma munthu sangadandaule za chinthu chomwe sakudziwa kuti amayenera kuuzidwa.

Katundu wotereyu achuluka. Mu Disembala 2023 kampani yofufuza za misika ya Canalys idayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kutayidwa padziko lonse chifukwa cha kutha kwa Windows 10. Sipafunika mlosi kuti munthu adziwe komwe ena mwa makina ochotsedwa m'maofesi a ku Ulaya ndi America adzathere. Adzafika ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Zomba ali onyezimira, pamtengo wokopa, ndipo adzalumikizidwa ku mamonita a zaka zoposa khumi kudzera m'maadaputa a pamsika.

Kwa ofuna kukhalabe pa Windows 10, Microsoft idatsekula kanjira kotchedwa Extended Security Updates. M'chaka cha 2025, munthu wamba adapatsidwa mwayi wolandira zigamba zachitetezo mpaka pa 13 Okutobala 2026 polipira madola 30, zomwe zidali ndalama zoposa K52,000 pamtengo wa ku banki wa nthawiyo wa pafupifupi K1,750 pa dola, kapena mwaulere akalola kusunga makonzedwe a kompyuta yake pa akaunti ya Microsoft. Makampani ndi mabungwe amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, ndipo mtengowo umawirikiza kawiri chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Masukulu adapatsidwa mtengo wotsika kwambiri, dola imodzi pa kompyuta chaka choyamba. Zonsezi zimafuna Windows yovomerezeka, ndipo si chinsinsi kuti makompyuta ambiri a anthu wamba m'dziko muno sali choncho. Palinso Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, yomwe ndi yaulere ndipo imayenda bwino pa makina akale. Koma nayo ili ndi zake zovuta pa nkhani ya mamonita, ndipo si mapulogalamu onse a muofesi omwe amayendamo.

Kutseka chitseko

M'pomveka kuti munthu yemwe wapsa kamodzi afune kutseka update kotheratu. Zifukwa zake n'zooneka. Update yaikulu imadya magigabaiti angapo, ndipo kwa yemwe akugwiritsa ntchito bandulo ya Airtel kapena TNM kudzera pa foni, imeneyo ndi ndalama ya ndiwo. Magetsi nawo sadalirika. Aliyense akukumbukira miyezi yomwe idatsatira namondwe wa Ana mu Januwale 2022, siteshoni ya Kapichira itaonongeka n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lino. Laputopu ya batire lakufa ikathimira pakati pa update, imatha kudzuka ndi driver yoikidwa theka.

Koma zigamba zambiri za mwezi ndi mwezi ndi zotseka mipata yomwe akuba a pa intaneti amalowera. Mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kadatseka makompyuta m'maiko oposa 150, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain, pogwiritsa ntchito mpata womwe Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho. Ovulala adali omwe sadaike chigambacho. Malawi sali kutali ndi zoterezi. Mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira ziphaso zoyendera adalowereredwa ndi anthu omwe ankafuna dipo. Nkhani imeneyo idali ndi mbali zambiri ndipo siikhudzana ndi update, koma idaonetsa momwe ntchito ya boma imaimira makina akatsekeka. Ofesi yosunga mayina a odwala, malipiro a antchito kapena zotsatira za ophunzira singasinthanitse chitetezo chimenechi ndi monita yachiwiri.

Pakati pa kulandira chilichonse tsiku lomwelo ndi kukana zonse pali njira ina, ndipo Windows yeniyeniyo imaipereka. Munthu akhoza kuimitsa update kwa masabata mpaka asanu. Akhoza kuuza kompyuta kuti intaneti yomwe akugwiritsa ntchito ndi yowerengera, posankha Metered connection, kuti isamakoke zinthu zikuluzikulu mosapempha. Kudikira sabata imodzi kapena awiri kumapereka mpata woti zolakwika zikuluzikulu zitulukire kwina n'kukonzedwa, monga zidachitikira ndi Sonoma 14.4. Ndipo yemwe ali ndi msonkhano, mayeso kapena lipoti la kumapeto kwa mwezi alibe chifukwa cholola kompyuta yake kusintha usiku woti mawa lake ndi tsikulo.

Kwa mabungwe, phunziro lalikulu lidabwera pa 19 Julayi 2024, pomwe chigamba cholakwika cha kampani yachitetezo ya CrowdStrike chidagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni m'maola ochepa, ndege n'kuima m'mabwalo, mabanki ndi zipatala n'kusokonekera. Chigambacho sichidali cha Microsoft, koma chidatumizidwa kwa onse nthawi imodzi, ndipo mpomwe padagona ngozi. Ofesi ya makompyuta 40 ku Zomba ikhoza kupewa ngozi ya mtundu womwewo popanda kugula kanthu: kusankha makina awiri kapena atatu oimira mitundu yomwe ilipo, makamaka akale kwambiri ndi olumikizidwa ku pulojekita, kuwapatsa update choyamba, kuona kwa masiku angapo, kenako n'kutsekulira ena onse. Windows ilinso ndi njira yoti makompyuta a muofesi imodzi azigawana update yomwe imodzi yakoka kale, zomwe zimapulumutsa data.

Chovuta n'chakuti ntchito yotereyi siioneka. Wogwira ntchito za makompyuta m'maofesi ambiri amakumbukiridwa chinthu chikaonongeka, ndipo nthawi yake yambiri imathera pa inki ya pulinta ndi manambala achinsinsi oiwalika. Kaundula wa katundu amalemba kuti laputopu imodzi, monita imodzi, osanena m'badwo wa injini yake, mabowo omwe ili nawo kapena driver yomwe ikuyenda bwino. Pogula katundu, malamulo oyang'aniridwa ndi bungwe la PPDA amalola ofesi kufotokoza mwatsatanetsatane zomwe ikufuna, koma chikalata chikangotchula kukula kwa sikirini ndi mphamvu ya makina osatchula mabowo, wopambana pa mpikisano amabweretsa malaputopu a USB-C okhaokha ku ofesi yomwe mapulojekita ake onse ndi a VGA. Kenako wina amatumidwa kumsika ndi ndalama ya m'kabati kukagula maadaputa otsika mtengo kuposa onse. Katundu wa mphatso, wochokera kwa abwenzi akunja ndi mapulojekiti omwe adatha, amangowonjezera mitundu pa mulu womwewo.

Tsiku lotsatira loyenera kulilemba pa khoma ndi lomwe kanjira ka anthu wamba ka Windows 10 kadzatsekeke. Maofesi ambiri adzasamutsira makina awo ku Windows 11 mothamanga m'masabata omaliza, ndipo mamonita ena adzada. Adzanyamulidwa kupita ku sitolo ya ofesi, n'kumatidwa kapepala kolembedwa kuti yoonongeka, kudikira tsiku logulitsa katundu wakutha. Asadafike pa mndandanda umenewo, pangofunika munthu mmodzi, laputopu yodziwika kuti ili bwino, chingwe chimodzi cha HDMI, china cha VGA, ndi masana amodzi oyesa monita iliyonse payokhapayokha.